Momwe mungayezetsere magazi kuti mudziwe ngati muli ndi vuto la kuchepa kwa G6PD

Kuchepa kwa G6PD ndi vuto limene munthu amabadwa nalo, ndipo limakhala m'maselo ofiira a magazi. Anthu ambiri amene ali nalo amakula mpaka kukalamba osadziwa, chifukwa silipweteka, silioneka pankhope, ndiponso silituluka pamene kuchipatala akuyeza malungo, HIV kapena kuchuluka kwa magazi. Limadzaululika tsiku limene munthu wamwa mankhwala ena kapena wadwala matenda a kutentha thupi, kenaka pakapita tsiku limodzi mpaka atatu maso ayamba chikasu, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo magazi achepa mwadzidzidzi. Pali kuyeza kwake kwapadera, koma kuyezako kumanena zoona pokhapokha kwachitika pa nthawi yoyenera ndiponso ndi chipangizo choyenera munthuyo. Amene wayezetsa pa nthawi yolakwika akhoza kubwerera kwawo ndi pepala lolembedwa kuti ali bwino pamene vuto lilipo, ndipo pepala lotere ndi loopsa kuposa kusayezetsa, pakuti limachotsa mantha amene akanamuteteza.

G6PD ndi chidule cha dzina la enzayimu yotchedwa glucose-6-phosphate dehydrogenase. Ntchito yake ndi kuthandiza selo kupanga zinthu zimene zimaiteteza ku poizoni wa mtundu wina amene amapangika m'thupi munthu akamwa mankhwala ena kapena pamene thupi likulimbana ndi tizilombo. Maselo ena a m'thupi ali ndi njira zingapo zodzitetezera, koma selo yofiira imadalira njira imodzi yokhayi, ndiponso ikangokhwima siingapangenso enzayimu yatsopano pa masiku pafupifupi 120 amene imakhala ndi moyo. Choncho selo ikamakalamba enzayimu yake imanka icheperachepera. Mwa munthu wopanda vuto yotsalayo imakwanirabe, koma mwa munthu wa vutoli maselo okalamba amatsala opanda chitetezo, ndipo ndi amene amayamba kusweka.

Padziko lonse anthu oposa 400 miliyoni ali ndi vutoli, makamaka kumadera kumene malungo akhala akuvutitsa anthu kuyambira kalekale, monga kuno ku Africa, kuzungulira nyanja ya Mediterranean ndi ku Asia. Linadziwika bwino mu 1956, pamene madokotala a ku Chicago ankafufuza chifukwa chimene anthu ena ankasweka magazi akamwa mankhwala a malungo a primaquine. Kuno kwathu si nkhani yachilendo ayi. Kafukufuku amene anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ndi pa chipatala cha Chikwawa, ndipo anasindikizidwa mu 2008, anapeza kuti kuchepa kwa G6PD ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimayendera limodzi ndi kuchepa kwambiri kwa magazi pakati pa ana aang'ono a m'Malawi. M'chaka chomwecho mankhwala a malungo otchedwa Lapdap, amene mayeso ake ena anachitikira ku Kenya ndi kuno ku Malawi, anachotsedwa pamsika chifukwa munali dapsone, amene ankaswa magazi a odwala amene ali ndi vutoli.

Ndani ayenera kuyezetsa

Si aliyense amene ayenera kuthamangira ku labotale mawa m'mawa. Amene ali ndi chifukwa chomveka ndi munthu amene anadwalapo chikasu ndi mkodzo wakuda atangoyamba mankhwala ena, mwana amene anachita chikasu chachikulu m'masiku oyamba atabadwa mpaka kugonekedwa pansi pa magetsi a buluu, mwana amene waikidwapo magazi popanda chifukwa chodziwika bwino, komanso aliyense amene dokotala akufuna kumupatsa primaquine wa masiku 14, tafenoquine (amenenso ndi mankhwala a malungo) kapena dapsone. Gulu lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa apa kuyeza kumatsogola mankhwala asanamwedwe, ndipo ngozi imapewedwa isanachitike.

Gulu linanso ndi la achibale a munthu amene wapezeka ndi vutoli, ndipo apa m'pofunika kumvetsa momwe limayendera m'banja. Malangizo a chibadwa opangira G6PD ali pa kromozomu X, kamodzi mwa tinthu ta m'maselo timene timanyamula zimene mwana amatengera kwa makolo ake. Mwamuna ali ndi X mmodzi, amene anatenga kwa mayi ake, pamene mkazi ali ndi awiri, wina wochokera kwa mayi ndi wina wochokera kwa bambo. Izi zikutanthauza kuti bambo amene ali ndi vutoli sangapatsire mwana wake wamwamuna, koma ana ake onse aakazi amatenga X wa vutoyo. Mayi amene ali ndi X mmodzi wa vuto, pa mimba iliyonse ya mwana wamwamuna mwayi woti mwanayo atengere ndi theka. Choncho mnyamata akapezeka nalo, ofunika kufunsidwa mbiri ya chikasu ndi kuchepa kwa magazi ndi abale ake aamuna a bere limodzi, amalume ake, ana a abale aakazi a mayi ake, ndi agogo ake aamuna obereka mayi. M'mabanja ambiri a kuno kummwera, kumene mwinimbumba ndi malume, nkhaniyi si yovuta kuifikitsa kwa oyenera, ngakhale iyenera kufotokozedwa mosamala kuti akuchimuna asaitenge ngati mlandu wa mayi. Palibe chimene mayi anadya, kumwa kapena kulakwira mwambo ali woyembekezera chimene chinabweretsa vutoli.

Sankhani nthawi yoyenera

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ndipo chifukwa chake chili m'zimene tanena za maselo okalamba. Magazi akamasweka, maselo amene amayamba kufa ndi amene ali ndi enzayimu yochepetsetsa, ndipo mafuta a m'mafupa amayankha mwa kutulutsa maselo atsopano ambirimbiri. Maselo atsopanowa, makamaka pa mtundu wa vutoli umene uli wofala kuno ku Africa, wotchedwa A-, amakhala ndi enzayimu yochuluka ndithu. Mukatenga magazi a wodwala pa sabata imene wagonekedwa ndi chikasu, ndiye kuti mukuyeza maselo opulumuka ndi maselo akhanda, ndipo chipangizo chikhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino. Zotsatira zikaonetsa kuchepa pa nthawi imeneyi zikhulupirireni, koma zikaonetsa kuti palibe vuto musazitenge ngati yankho lomaliza. Kuyezako kubwerezedwe patapita miyezi pafupifupi itatu kuchokera pamene wodwalayo wachira, pamene magazi abwereranso kukhala ndi maselo a misinkhu yonse.

Chimodzimodzinso munthu amene waikidwa magazi. Magazi ochokera ku Malawi Blood Transfusion Service kapena kwa wopereka wina aliyense amabwera ndi enzayimu ya mwini wake, ndipo maselo amenewo amazungulira m'thupi la wolandira kwa milungu yambiri. Ngati dokotala akuganizira za G6PD mwa mwana amene akufunika kuikidwa magazi, ndi bwino kuti kabotolo ka magazi oyeza katengedwe thumba lisanapachikidwe. Kuika magazi sikuyenera kuchedwetsedwa chifukwa cha kuyezaku, popeza moyo ndiwo umatsogola, koma ngati mwayi wotenga kabotoloko unadutsa, lembani tsiku limene magazi anaikidwa, werengani miyezi itatu, ndipo mubwerere.

Zimene muchite musanapite ndi pamene mwafika

Yambirani kwa dokotala kapena kiliniko ofesa amene akukuonani, kaya ndi pa chipatala chaching'ono cha kwanu monga Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe kapena Limbe, kaya ndi pa chipatala cholipira. Kuyeza G6PD sikuli m'gulu la zoyeza za tsiku ndi tsiku za zipatala zazing'ono, motero mungafunike kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu kapena ku labotale ina. Musanawononge ndalama ya minibasi, funsani labotaleyo ngati ili ndi zipangizo zake pa nthawiyo, ngati imayeza pompo kapena imatumiza magazi kwina, mtengo wake, komanso masiku odikira zotsatira. Mukamapempha, tchulani G6PD momveka ndipo onetsetsani kuti zilembo zimenezi zalembedwa pa fomu, pakuti mukangonena kuti mwabwera kudzayezetsa magazi mudzalozeredwa ku chipinda choyezera HIV kapena malungo.

Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati muli ndi mabuku akale amene anadzadza atengeninso, chifukwa mayina a mankhwala amene munamwa chikasu chisanayambe amapezeka m'menemo. Tenganinso mapaketi a mankhwala amene mukumwa, kuphatikizapo ogula ku golosale ndi azitsamba. Simufunika kusala kudya, ndipo mwana adye ndi kuyamwa monga mwa nthawi zonse. Zinthu zitatu zimene woyeza ayenera kuzimva kuchokera kwa inu, ngakhale asanafunse, ndi tsiku limene munadwala chikasu komaliza, tsiku limene munaikidwa magazi ngati zinachitikapo, ndi dzina la wachibale amene anapezeka kale ndi vutoli.

Kutenga magazi sikutenga nthawi. Kwa zipangizo za m'manja amabaya chala, kapena chidendene ngati ndi khanda, ndi kutenga kadontho. Kwa labotale yaikulu amatenga magazi pang'ono pamtsempha wa pamkono ndi kuwathira m'kabotolo ka chitsekerero chapepo, kamene kali ndi mankhwala oletsa magazi kuundana. Enzayimu imeneyi imawonongeka ndi kutentha, choncho ngati mwapemphedwa kunyamula nokha kabotoloko kupita nako ku labotale ina, kakhale m'bokosi lozizira, kasazizire mpaka kuuma ngati ayisi, ndipo kafike msanga. Kabotolo kamene kakhala m'thumba la malaya masana onse a mwezi wa Okutobala kangaonetse kuchepa kwa enzayimu mwa munthu amene alibe vuto lililonse.

Funsani mtundu wa kuyeza

Njira zoyezera zilipo za magulu awiri akuluakulu, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kwambiri kwa amayi. Gulu loyamba limangoyankha kuti vuto lilipo kapena palibe. M'gululi muli njira yakale imene Ernest Beutler anayambitsa mu 1966, yodonthezera magazi osakaniza ndi mankhwala papepala ndi kuona ngati akuwala pansi pa nyali yapadera, komanso timapulasitiki tofanana ndi toyezera malungo timene timasintha mtundu. Njira zimenezi zimagwira bwino anthu amene enzayimu yawo ili pansi pa magawo 30 pa 100 a mlingo wa munthu wopanda vuto, ndipo kwa amuna zimakwanira, popeza mwamuna amakhala mbali imodzi kapena inayo.

Mkazi amene ali ndi X mmodzi wabwino ndi wina wa vuto ali ndi mitundu iwiri ya maselo ofiira m'thupi limodzi, ena a enzayimu yokwanira ndi ena osowa, chifukwa selo iliyonse yoyambira imagwiritsa ntchito X mmodzi yekha mwa awiriwo. Kuchuluka kwa mtundu uliwonse kumasiyana pakati pa mkazi ndi mkazi, ngakhale pakati pa mayi ndi mwana wake. Mkazi amene enzayimu yake ili pa magawo 45 pa 100 adzaoneka wopanda vuto pa kapulasitiki kosintha mtundu, chonsecho pafupifupi theka la maselo ake likhoza kusweka akamwa mankhwala amphamvu. Pa chifukwa chimenechi mkazi apemphe gulu lachiwiri, limene limapereka nambala yeniyeni ya mphamvu ya enzayimu. Kale izi zinkatheka m'malabotale aakulu okha, koma tsopano kuli kachipangizo ka m'manja kotchedwa STANDARD G6PD, ka kampani ya SD Biosensor, kamene kamapereka nambalayo pamodzi ndi mlingo wa hemoglobini, chinthu chofiira cha m'maselo chimene chimasonyeza kuchuluka kwa magazi, pa mphindi ziwiri. Mankhwala a tafenoquine, amene amakhala m'thupi kwa milungu ingapo munthu atamwa kamodzi kokha, saperekedwa popanda kuyeza kwa mtundu umenewu, ndipo amafuna kuti enzayimu ikhale pa magawo 70 pa 100 kapena kuposa.

Kuyeza chibadwa mwachindunji kuliponso, ndipo sikusokonezedwa ndi kusweka kwa magazi, koma n'kodula ndipo kumachitika makamaka pa kafukufuku.

Kuwerenga zotsatira

Pepala la nambala limalembedwa mu U/g Hb, kutanthauza mphamvu ya enzayimu pa galamu iliyonse ya hemoglobini, ndipo pambali pake pamakhala mlingo umene labotaleyo imauona ngati wabwino. Mlingowu umasiyana malinga ndi chipangizo, choncho musayerekeze nambala yanu ndi ya mnzanu amene anayezetsa kwina kapena ndi imene mwaiona pa intaneti. Chimene muyenera kufunsa ndi chakuti nambala yanuyo ndi magawo angati pa 100. Pansi pa 30 ndiye kuchepa kwenikweni, pakati pa 30 ndi 70 ndi kuchepa kwapakatikati kumene kumapezeka makamaka mwa akazi, ndipo pamwamba pa apo munthu amaonedwa kuti ali bwino, ngakhale ena amaika malire a akazi pa 80. Mwamuna amene zotsatira zake zagwera pakati ndi wofunika kumuyezanso, chifukwa kawirikawiri zimenezi zimasonyeza kuti magazi anatengedwa atangodwala kumene kapena atangoikidwa magazi. Makanda amabadwa ndi enzayimu yokwererapo kuposa akuluakulu, motero zotsatira za khanda zimene zili m'malire zibwerezedwe mwanayo akakulako.

Ngati wodwala ali pakati pa kusweka kwa magazi, dokotala sadalira G6PD yokha. Amayeza hemoglobini, kuchuluka kwa maselo atsopano, ndi bilirubini imene imabweretsa chikasu, komanso amayang'ana magazi pa maikulosikopu kuti aone maselo ooneka ngati olumidwa m'mbali. Amayezanso malungo, pakuti malungo aakulu nawo amadetsa mkodzo, ndipo nthawi zina matenda awiriwa amakumana mwa munthu mmodzi. Dziwaninso kuti kuchepa kwa G6PD si matenda a sickle cell. Onse ndi a chibadwa ndipo onse amakhudza maselo ofiira, koma kuyeza kwake n'kosiyana, ndipo amene wayezedwa chimodzi sanayezedwe chinacho.

Mukapezeka nalo

Choyamba, pemphani kuti zilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba la buku lanu la kuchipatala, pamodzi ndi tsiku ndi mtundu wa kuyeza, ndipo bukulo likadzadza mawuwo akopedwe m'buku latsopano. Jambulani pepala la zotsatira pa foni. Vutoli silichira ndipo silisowa mankhwala a tsiku ndi tsiku, koma kulikonse kumene mukulandira mankhwala, kuphatikizapo ku famase ndi kwa dokotala wa mano, linenedwe asanalembe kalikonse.

Mankhwala odziwika bwino kuti amaswa magazi a anthu otere ndi primaquine wa masiku ambiri, tafenoquine, dapsone amene amaperekedwa pa khate ndi matenda ena a pakhungu, nitrofurantoin wa matenda a m'chikhodzodzo, methylene blue ndi rasburicase. LA, amene wakhala mankhwala oyamba a malungo m'Malawi kuyambira 2007, safuna kuyeza G6PD, ndipo munthu wa vutoli akadwala malungo amwe LA mosazengereza, popeza malungo enieniwo ndi amene angamuswere magazi. Panado pa mlingo woyenera alibe vuto. Bactrim amapezeka pa mindandanda ina ya mankhwala ofunika kusamala nawo, koma anthu ambiri a vutoli amamwa mlingo wa tsiku ndi tsiku popanda chovuta, choncho amene amalandira Bactrim pamodzi ndi ma ARV asasiye yekha atawerenga mndandanda pa intaneti, koma akakambirane ndi a ku kiliniki yake. Mayi woyembekezera achite chimodzimodzi pa nkhani ya Fansidar wa ku sikelo.

Chinthu chimene mabanja ambiri sachiganizira ndi timibulu toyera ta fungo lamphamvu timene timaikidwa m'masutikesi kuti njenjete ndi mphemvu zisawononge zovala. Tambiri mwa timeneti timapangidwa ndi naphthalene, amene amalowa m'thupi kudzera m'mpweya ndi pakhungu, ndipo khanda lovekedwa zovala kapena kufunditsidwa shawelo imene yasungidwa ndi timibuluti likhoza kusweka magazi. M'nyumba imene muli munthu wa vutoli, kapena imene mukuyembekezeka mwana wa m'banja lotere, timibuluti tichotsedwe, ndipo zovala zichapidwe bwino ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka fungo litatheratu. Utoto wa henna nawo usapakidwe pa khanda. Pa zakudya, choletsedwa ndi nyemba zikuluzikulu zaphwatalala zotchedwa fava, zimene zimadyedwa kwambiri ku Egypt, ku Ethiopia ndi ku Middle East, ndipo zimapezeka m'zitini kapena zokazinga m'masitolo ena. Mayi woyamwitsa mwana wa vutoli asadyenso nyemba zimenezi. Nyemba zathu za masiku onse, nandolo, khobwe, nzama ndi mtedza sizili m'gululi, ndipo ndi kulakwa kumana mwana ndiwo zomanga thupi chifukwa choopa dzina lakuti nyemba.

Kwa mayi woyembekezera amene iye, mwana wake wina kapena mlongo wake ali ndi vutoli, nkhaniyi inenedwe ku sikelo ndiponso kwa anamwino pa tsiku lochira, kaya ndi ku Gogo Chatinkha, kochirira amayi pa chipatala cha Queen Elizabeth, kapena ku chipatala china. Chikasu cha makanda a vutoli chimakonda kuoneka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, pamene ambiri atuluka kale m'chipatala. Muyang'aneni mwana powala masana, m'maso, m'nkhama ndi pakhungu mutadina pang'ono ndi chala. Chikasu chimene chayamba tsiku loyamba, chimene chafika m'zikhatho ndi kumapazi, kapena chimene chabwera pamodzi ndi kugona kwambiri, kukana bere ndi kulira mokuwa chimafuna chipatala tsiku lomwelo, chifukwa bilirubini ikakwera kwambiri imawononga ubongo ndi makutu kosabwerera. Kumuika mwana padzuwa pakhonde sikulowa m'malo mwa magetsi a kuchipatala.

Kwa wamkulu kapena mwana wokulirapo, mkodzo ukada, maso akachita chikasu, zikhatho zikayera, mtima ukamathamanga kapena msana ndi mimba zikamapweteka patangopita masiku ochepa atayamba mankhwala atsopano, asamwenso mlingo wotsatira asanaonedwe, amwe madzi ambiri, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo atanyamula paketi ya mankhwalawo ndi buku lake. Pa mtundu wa A- kusweka kwa magazi kawirikawiri kumalekeka kokha maselo okalamba akatha, koma hemoglobini iyenera kuyezedwa mobwerezabwereza m'masiku oyambawo, chifukwa ndi imene imauza dokotala ngati wodwalayo angachire ndi madzi ndi kupuma kapena akufunika kuikidwa magazi.